Kuseri kwa Lisiti la Dizilo

Ku Moatize fumbi la malasha limafika mpaka m'mano.
Ndinabwera kuno ndi ine mmodzi yekha,
amene ndinatsika naye kuchokera ku Ulongwe
titakhalira thumba la mbatatesi.
Kusukulu anandiwonjezera wina, eu,
wovala pokapempha chidindo ku boma.
Awiriwo ankandikwanira.

Tsiku lina tili pamzere wa pamlatho wa Zambezi,
dzuwa likutikazinga m'galimoto ngati ziwala,
ndinafunsa a Kuwahara, abwana anga:
kwanu ku Japani, ine mumati chiyani?
Anaseka, natembenuza lisiti la dizilo,
nalemba mawu asanu, lina pansi pa linzake.

Watashi, iwo anatero, ndi malaya osita,
ungalowe nawo paliponse.
Watakushi ndi malaya omwewo
koma utatseka batani la pakhosi.
Boku, amene m'khutu mwanga anamveka ngati buku,
ndi mnyamata wofatsa, chipewa chili m'manja.
Ore ndi chifuwa pamtunda.
Washi musiyeni kaye, imvi zanu sizinakwane.

Ndinati: kwathu timayeza mnzathu,
uyu ndi iwe, awa ndi inu,
apongozi ndi iwo ngakhale aima pamphuno pako.
Inu mumadziyeza nokha?
Anati: sikelo ndi yomweyo, a Fulujensiyo,
ife timangokwera mbali inayo.

Mtima unakonda ore.
Ndinamutola kwa Hayato, makaniko wa zala zakuda,
tikunyenya nsomba youma ku Matundo,
iye akudziguguda, ore, ore,
ngati tambala wamng'ono wongophunzira kulira.
Linkakoma mkamwa liwulo. Linkandiwonjezera msinkhu.

Kenako kunabwera mkulu wa onse, wa mutu wa bii ngati thonje.
Ndinakamulandira ku bwalo la ndege la Chingodzi,
nsapato zopolisha, chikwangwani m'manja,
ndipo pofuna kuonetsa kuti nanenso ndakhwima
ndinati: ore Fulujensiyo!

Zii.
Makutu a Kuwahara anapsa ngati matimati.
Mkuluyo anaika chikwama pansi,
nawerama mpaka ndinaona paliwombo pake,
nayamba ndi watakushi,
pang'onopang'ono, ngati wondipatsa madzi ndi manja awiri.
Ndinamva ngati ndalowa pamaliro ndikuimba mluzu.

Usiku umenewo tulo tinakana.
Ndinaimbira Zeliya kumudzi. Ndani? Ndine.
Koma ndine uti?
Amene amanyamula Tininha pakhosi pokaona mpira,
kapena amene mawu amamuchepera
wapolisi akamatembenuza laisensi?
Ndinakumbuka bambo anga pokongola feteleza,
mmene ankanenera kuti ife, ife osauka,
ali okhaokha pakhomo la mwini sitolo,
kudzichulukitsa kuti achepe.
Kani nafenso tili nawo angapo,
timangowasunga m'thumba limodzi.

M'mawa ndinapepesa. A Kuwahara anapukusa mutu.
Tamvetserani bwino tikamacheza, anatero,
nthawi zambiri sititchula ndi mmodzi yemwe.
Timamuvula pakhomo ngati nsapato.
Ukati njala, aliyense amadziwa mimba yake.

Anakhala nafe mvula zitatu.
Tsiku lonyamuka, pa Chingodzi pomwepo,
anandigwira dzanja nalankhula chathu:
ndapita.
Ine sanamveke, anangotsala kachidutswa kake, nda,
kakang'ono ngati njere ya mlambe.
Ndinafufuza mwa asanu aja woti ayankhe
koma pakhosi panali pothina.
Ndinawerama basi.

Lisiti lija ndikali nalo m'thumba la laisensi.
Kutentha kwa Tete kunadya mtengo wa dizilo,
malita, tsiku, dzina la pampu, zonse zinayera.
Kwatsala mawu asanu a inki yabuluu,
ndipo pagalasi, ndikamameta,
ndaona imvi ziwiri pamwamba pa khutu.
Washi, dikira pang'ono, ndikubwera.